Kalata yotseguka: yezani madzi musanadzalitse mbande za mangrove

Kwa nduna ndi akuluakulu oyang'anira nkhalango, usodzi ndi magombe a nyanja zamchere. Kwa atsogoleri a mabungwe opereka thandizo. Ndi kwa aphunzitsi a m'mayunivesite amene mumatumiza ophunzira anu kukachita kafukufuku m'matope.

Olemekezeka,

Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani, choncho ndiyambe ndi funso limene landilembetsa kalatayi. Mbande za mangrove, mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere, zimene munadzalitsa zaka zitatu kapena zisanu zapitazo, zija munazilengeza pa wailesi n'kuzilemba m'malipoti, zatsala zingati lero? Zimene zinagulidwa kunazale ndi zimene zinazikidwa m'matope tsiku la mwambo tinazimva kale. Ine ndikufunsa zimene zili ndi masamba, zoti mbalame n'kuterapo.

Pa 26 July chaka chilichonse, tsiku limene bungwe la UNESCO linapatula mu 2015 kuti dziko lizikumbukira nkhalango za mangrove, zithunzi zimene zimatuluka zimafanana kuyambira ku Asia mpaka ku America. Bwana wavala gambutsi, wapinda buluku, wagwira mbande. Ana asukulu andanda kumbuyo kwake. Pomaliza pamatchulidwa nambala ya mamiliyoni. Anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, amene amalembedwa ganyu yodzala, nthawi zambiri amakhala akudziwa tsiku lomwelo kuti mbande zambiri sizifika chaka chamawa. Amangokhala chete poti palibe wawafunsa, komanso poti zikafa, ganyu ibweranso.

Mtengo umenewu ndi wosankha malo kuposa mmene ambiri amaganizira. Umamera m'maiko otentha, pakamzere kopapatiza pamene mtunda umakumana ndi nyanja yamchere, makamaka kumathiriro a mitsinje ndi m'magombe obisika ku mafunde aakulu. M'malo ambiri madzi a nyanja amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo mitengoyi imafuna pamene madziwo amafika kenako n'kuchoka. Akatswiri anapeza kuti mitundu yambiri imakula bwino pamwamba pa mulingo wapakati wa nyanja, pamene mizu imamira osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi. Mukatsika pang'ono chabe mtengo umabanika, chifukwa matope a kumeneko alibe mpweya ndipo mizu imapumira kunja. Mtundu wa Avicennia umatulutsa timizu tosongoka tambirimbiri toima chilili pamwamba pa matope. Wa Rhizophora umaima pamizu yopindika yochokera pathunthu n'kukazika m'mbali. Kusiyana kwa masentimita owerengeka m'kukwera kwa nthaka kumatha kulekanitsa malo a mtundu uwu ndi a mtundu uwo, kapena malo omera ndi osamera kanthu.

Mbewu ya Rhizophora imayamba kumera ikadali pamtengo. Imakhala yaitali, yobiriwira, yosongoka kumunsi, moti mwana angathe kutola zambiri m'mawa umodzi n'kuzizika m'mizere yowongoka bwino. Kusavuta kumeneku ndiko kwapweteketsa mapulojekiti ambiri. Ku Philippines, katswiri Jurgenne Primavera ndi mnzake anaunika mu 2008 ntchito yodzala mangrove imene inali itadya ndalama zankhaninkhani kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti mbande zopulumuka zinali pakati pa 10 ndi 20 pa 100 zilizonse. Anthu ankadzala Rhizophora kutsogolo kwenikweni kwa gombe, kumene mwachibadwa kumayenera Avicennia ndi Sonneratia, mwinanso pamwamba pa udzu wa pansi pa nyanja, umene nawo ndi malo okulira nsomba. Mafunde ankazula mbandezo, zina zinkamatiriridwa ndi tizilombo tazigoba mpaka kuwerama n'kuthyoka. Ku Sri Lanka, kumene kudzala kunachuluka pambuyo pa tsunami wa mu 2004, kafukufuku wa mu 2017 anayendera malo 23. Pa malo 9 panalibe mbande ngakhale imodzi yamoyo, ndipo malo atatu okha ndiwo anali ndi zopulumuka zoposa theka.

Musaganize kuti odzalawo anali mbuli. Chifukwa chenicheni chimene ankapitira kumalo olakwika chikukhudza maofesi anu. Malo oyenera, amene kale kunali nkhalango, anali atasanduka maiwe oweteramo nsomba ndi ma prawn, ndipo maiwewo ali ndi eni ake okhala ndi mapepala ndi maloya. Matope apoyera a kutsogolo kwa gombe alibe mwini wokadandaula. Ndiye pulojekiti imene yapatsidwa miyezi yochepa ndi nambala yoti ikwanitse imathawira kumene kulibe mkangano, ngakhale kumeneko mtengo sungakule.

Lipoti la mu 2023 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, likusonyeza kuti mu 2020 dziko lonse linali ndi mahekitala pafupifupi 14.8 miliyoni a nkhalango za mangrove. Pakati pa 2000 ndi 2020 kunatayika mahekitala 677,000, koma kwina kunabwerera mahekitala 393,000. Nambala imene ndikufuna muiyang'anitsitse ndi iyi: mwa nkhalango zobwererazo, magawo 82 pa 100 zinamera zokha. Mbewu za mitengoyi zimayandama, zina kwa milungu kapena miyezi, ndipo zikapeza matope oyenera zimazika mizu popanda nduna kapena kamera. Malemu Robin Lewis, katswiri wa ku Florida amene anathera moyo wake pa ntchito imeneyi, ankaphunzitsa kuti munthu akafika pamene nkhalango yafa, ayambe wafufuza chimene chikuiletsa kubwerera yokha. Ku West Lake m'chigawo chomwecho cha Florida anabwezeretsa mahekitala pafupifupi 500 pokonza kukwera kwa nthaka ndi njira za madzi, mitengo n'kubwera yokha.

Nkhani ya ku Colombia ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Msewu waukulu wolumikiza Ciénaga ndi Barranquilla unamangidwa pakati pa 1956 ndi 1960, n'kutseka njira zambiri zimene dambo la Ciénaga Grande de Santa Marta linkasinthanirana madzi ndi nyanja. Pambuyo pake misewu ndi zipupa zina zinatsekanso madzi abwino ochokera mumtsinje wa Magdalena. Mchere unaunjikana m'nthaka mpaka mitengo kuuma chiimire, ndipo pofika m'ma 1990 nkhalango yoposa theka inali itafa. Mukanadzala mbande mamiliyoni pamchere umenewo, zikanapsa zonse. Chimene chinathandiza ndi kufukula ngalande mu 1996 ndi 1998 kuti madzi a Magdalena alowenso. Mchere unatsika, mitengo inayamba kuphuka. Koma ngalandezo zikakwiririka mchere umakweranso, kutanthauza kuti ntchitoyo ilibe tsiku lomaliza, ndipo ikufuna anthu okhala pomwepo oti aziona ngalande ikayamba kutsekeka.

Sayansi imene ndikukupemphani kuti muilipirire ndi imeneyi, ndipo mbali yaikulu siifuna makina odula. Munthu amazika ndodo yolembedwa mizere ya masentimita pamalo amene akufuna kubwezeretsa, ina m'nkhalango yamoyo yapafupi, n'kumalemba m'kabuku nthawi imene madzi afika ndi imene achoka, mwezi ukakhala wathunthu komanso ukakhala theka. Paipi yapulasitiki yoonekera mkati yodzaza madzi, imene amisiri omanga amayezera levulo, imakwanira kuyerekeza kukwera kwa nthaka ya malo awiriwo. Kachipangizo koyezera mchere kamakwana m'thumba la malaya: munthu amakumba kadzenje, amadikira madzi atuluke, amadontheza dontho limodzi pakagalasi, n'kusuzumira moyang'ana kowala ndi kuwerenga nambala. Mtsikana wa ku sekondale angaphunzire zimenezi m'masiku ochepa. Chimene chimavuta ndi kupitiriza kulemba mwezi ndi mwezi, nyengo yamvula ndi yachilimwe, kwa zaka. Katswiri wochokera kutali sangakwanitse, koma anthu amene amadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kukavuula maukonde angakwanitse, ngati awalipira ndipo akudziwa chimene nambalazo zikutanthauza.

Anthu amenewa sabwera chimanjamanja. Msodzi wokalamba amadziwa pamene pankadutsa kamtsinje kasanatsekedwe ndi khoma la dziwe. Mayi wotola nkhono amadziwa mwezi umene mbewu zimagwa, mbali imene mphepo imazikankhira, ndi malo amene nkhanu zimadula mbande iliyonse yozikidwa pamenepo. Wodula mitengo amadziwa kuti Avicennia ukaudula umaphukira pachitsa pomwe Rhizophora ukaudula watha, ngakhale amaitchula ndi maina a chinenero chake. Setilaiti yoyamba ya Landsat, yojambula dziko kuchokera kumwamba, inaulutsidwa mu 1972, ndipo mapu a nkhalangozi a Global Mangrove Watch amayambira mu 1996. Zambiri zakale kuposa apo zili m'mitu ya agogo, ndipo wofufuza amene sakhala nawo pansi amayamba ntchito asakudziwa mmene gombelo linkaonekera lisanaonongeke.

Sindinena kuti nzeru za m'mudzi zimakwanira pa chilichonse. Ena amalankhula choncho pamisonkhano pofuna kuomberedwa m'manja, koma kutero n'kuwasiya okha anthu amene akulimbana ndi zinthu zochokera kutali ndi maso awo. Msodzi wa kumathiriro a Zambezi angaone kuti madzi osefukira sabweranso pa nthawi yake, koma kuti alumikize zimenezo ndi madamu a Kariba wa mu 1959 ndi Cahora Bassa wa mu 1974, amene ali makilomita mazanamazana kumtunda, pafunika anthu oyeza madzi ndi matope a mtsinje wonse. Ku Sundarbans, nkhalango yaikulu ya mangrove imene India ndi Bangladesh amagawana, madzi abwino anachepa nyengo yachilimwe chiyambire damu la Farakka pa mtsinje wa Ganges mu 1975, ndipo mchere unalowa mkati. Ku Demak pachilumba cha Java, kuyambira 2015, akatswiri a Wetlands International ndi anzawo anagwirizana ndi midzi kumanga mipanda ya nsungwi ndi nthambi m'nyanja kuti izifooketsa mafunde ndi kusunga matope. M'malo ena matope anadzaza, mbande n'kumera zokha. Koma kuyeza kunaonetsanso kuti nthaka yonse ya kumeneko ikutitimira ndi masentimita angapo pachaka, makamaka chifukwa cha kupopa madzi apansi panthaka kwa mafakitale ndi mzinda wa Semarang. Mudzi ungamange mipanda mpaka manja kutupa, vuto limenelo lili pa desiki ya boma.

Pali ntchito ina ya sayansi imene simuitchula kawirikawiri, yoteteza osauka kuti asamanamiziridwe. Kumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016, mahekitala oposa 7,000 a mangrove anauma m'gombe la Gulf of Carpentaria kumpoto kwa Australia, dera lotalika makilomita pafupifupi 1,000 kumene kumakhala anthu ochepa kwambiri. Katswiri Norman Duke ndi anzake anapeza kuti chilala, kutentha ndi kutsika kwakanthawi kwa madzi a nyanja pa nthawi ya El Niño (kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza nyengo) ndizo zinapha mitengoyo. Zikanachitikira kumene kuli midzi yambiri, ndikukhulupirira kuti woyamba kulozedwa chala akanakhala wootcha makala, ndipo apolisi akanafika kafukufuku asanayambe. Inde, makala, nkhuni ndi mitengo yomangira zimathadi nkhalango m'malo ena, ndipo pamenepo sayansi iyenera kunena mosabisa. Koma lipoti lija la FAO limaika ulimi wa nsomba ndi ma prawn m'maiwe patsogolo pa zinthu zimene anthu aonongera nkhalangozi, ndipo maiwe aakulu sakumbidwa ndi mayi wonyamula mtolo wa nkhuni. Amakumbidwa ndi makina, ndi chilolezo chosainidwa mu ofesi.

Tsopano ndilankhule nanu aphunzitsi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma anatinso mlendo ndi mame. Zonse ziwiri zimaoneka pa ochita kafukufuku. Amafika ndi nzeru zimene mudzi ukuzifunadi. Amabwereka bwato, amalemba anyamata onyamula chitsulo chobowolera matope, amafunsa amayi mafunso tsiku lonse, amalongedza matope m'timatumba tolembedwa manambala, n'kunyamuka. Pakapita zaka ziwiri zotsatira zimatuluka m'magazini ya akatswiri, m'chinenero chimene mudziwo suwerenga, pa intaneti pamene kutsegula kwake n'kolipira. Munthu amene anawalozera pamene panali kamtsinje kakale sapezeka ngakhale pa mzere wothokoza. Chaka chotsatira kumabwera gulu lina ndi mafunso omwewo, ndipo limadabwa kuona anthu akuyankha mwaulesi kapena kufuna ndalama asanatsegule pakamwa.

Izi mungazikonze popanda lamulo latsopano. Wophunzira asalandire digiri yake asanabwerere kumudzi kuja kukafotokoza zimene anapeza, m'chinenero cha eni mudzi, ndi mapu osindikiza papepala lalikulu oti atsale komweko. Ndalama ya ulendo wobwererawo ilembedwe mu bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa ikasiyidwa kumapeto imakhala itatha. Makabuku a miyezo akhale a komiti ya m'mudzi, yunivesite izitenga kope. Ndipo mafunso ena a kafukufuku azichokera kwa anthuwo. Wofufuza angafune kudziwa kuchuluka kwa kaboni m'matope (kaboni ndi uja mitengo imayamwa mumpweya, amene akachuluka mumlengalenga amatenthetsa dziko), pamene amayi akufuna kudziwa chifukwa chake nkhono zikuchepa msinkhu chaka ndi chaka. Funso lachiwirili ndi la sayansi mofanana ndi loyambalo, ndipo mukaliyankha, loyambalo adzakuthandizani ndi mtima wonse.

Komabe nzeru, kaya ya kusukulu kaya ya agogo, siigwira ntchito pamene munthu alibe ufulu pa malo. Ku Gambia, amayi otola nkhono za oyster m'dambo la Tanbi pafupi ndi Banjul anakhazikitsa bungwe la TRY mu 2007 motsogozedwa ndi Fatou Janha Mboob. Mu 2012 boma linawapatsa ufulu woti iwo okha ndiwo azikolola nkhonozo m'deralo, pansi pa ndondomeko imene anaikonza mothandizana ndi akatswiri a za usodzi. Anagwirizana kutseka kukolola kwa miyezi 8 pachaka, kusiya nkhono zazing'ono, ndi kuleka kudula mizu imene nkhono zimamatirirapo. Taganizani lamulo lomweli litachokera ku likulu popanda ufulu uja. Mayi aliyense akanadziwa kuti nkhono imene waisiya lero atola ndi wina mawa, ndipo palibe phunziro la momwe nkhono zimaswanirana limene likanamuletsa kupita usiku. Kuletsa kwachisawawa kudula mtengo uliwonse nako kumabala zomwezo: kudula kumapitirira mumdima, mlonda wa nkhalango amasanduka wolandira kangachepe, ndipo anthu amaleka kunena zoona kwa aliyense wobwera ndi kabuku. Pamenepo ngakhale kafukufuku wanu amakhala wabodza, chifukwa wamangidwa pa mayankho a anthu amantha.

Nkhani ya kaboni ndiyo yabweretsa anthu ambiri atsopano kumagombe. Kafukufuku wa Daniel Donato ndi anzake wa mu 2011 anasonyeza kuti nkhalango za mangrove zimene anayeza ku Asia ndi zilumba za Pacific zimasunga matani pafupifupi 1,000 a kaboni pa hekitala, ndipo wambiri ali m'matope. Chiyambire pamenepo, matope amene kale ankanyansidwa nawo ali ndi ogula, olipira kuti kaboniyo asungike m'matopemo. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Mikoko Pamoja ku Kenya, kumene midzi ya Gazi ndi Makongeni kumwera kwa Mombasa imasamalira mahekitala 117 ndipo kuyambira 2013 imagulitsa kaboni kudzera mu ndondomeko ya Plan Vivo, yotsimikizira kaboni wogulitsidwa. Ndalama zathandiza pa madzi akumwa ndi zofunika za m'sukulu, malinga ndi zimene anthu asankha pamsonkhano. Chimene otchulawo amaiwala ndi zaka zimene zinadutsa tani yoyamba isanagulitsidwe. James Kairo wa bungwe lofufuza za m'nyanja ndi usodzi la KMFRI anali atagwira ntchito ku Gazi kuyambira m'ma 1990, ndipo Mark Huxham wa ku Edinburgh Napier University anadzagwirizana naye pambuyo pake. Lamulo la nkhalango la Kenya la mu 2005 linali litatsegula khomo loti midzi izisamalira nkhalango limodzi ndi boma. Anadzalanso mitengo ya casuarina kumtunda kuti anthu apeze nkhuni ndi mitengo yomangira, podziwa kuti munthu umamuletsa kudula pano ukamuonetsa kumene akadule. Mahekitala 117 ndi ochepa kwambiri, ndipo anatheka chifukwa anthu anali atadziwana kwa nthawi yaitali.

Pa msonkhano wa maiko wa za kusintha kwa nyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh, Egypt, mu 2022 kunalengezedwa ndondomeko ya Mangrove Breakthrough, yofuna kupeza madola 4 biliyoni oteteza mahekitala 15 miliyoni pofika 2030. Ndalama zoterezi n'zofunika, ndipo amene analemba ndondomekoyi amanena okha kuti kudzala mwachisawawa kuleke. Mantha anga ali pa liwiro. Ndalama zambiri zikafuna kugwiritsidwa ntchito m'zaka zochepa, mfumu kapena komiti imapatsidwa pangano la masamba ambiri, la zaka makumi awiri kapena atatu, kuti isaine masana omwewo. Ndani anawafotokozera kuti kaboni amayezedwa bwanji, amagulitsidwa pa mtengo wanji, ndipo namondwe akagwetsa nkhalango ngongole ikhala ya yani? Boma limene limalola pangano lotere popanda munthu woima payekha wowerengera mudziwo nambala zake lagulitsa anthu ake. Apa sayansi iyenera kukhala mbali zonse ziwiri za tebulo, osati mbali ya wogula yokha.

Muziwauzanso anthu zoona pa zimene nkhalangozi zingathe ndi zimene sizingathe. Kafukufuku wa Saudamini Das ndi Jeffrey Vincent wa mu 2009 anaonetsa kuti pa namondwe wamkulu amene anagunda Odisha ku India mu 1999, midzi imene inali ndi nkhalango yotakata pakati pa iyo ndi nyanja inataya anthu ochepa poyerekeza ndi midzi imene nkhalango yake inali yopapatiza kapena itatha. Izi n'zoona ndipo n'zolimbikitsa. Koma zimene zimafooketsa madzi ndi nkhalango yokhwima, yothithikana, yotakata mamita mazanamazana. Kamzere ka mbande za zaka ziwiri sikaimitsa kanthu, ndipo tsunami wamkulu amatha kuzula ngakhale mitengo ikuluikulu. Pulojekiti imene imauza mudzi kuti tsopano mwatetezeka, pofuna kuti anthu abwere kudzadzala, ingachititse ena kuchedwa kuthawa tsiku la chenjezo.

Za kukwera kwa nyanja nazo musazibise. Nkhalango za mangrove zimatha kukweza nthaka yake pang'onopang'ono posunga matope ndi mizu yakufa, koma zili ndi malire. Neil Saintilan ndi anzake, atafufuza matope akale a zaka masauzande, analemba mu 2020 kuti nyanja ikamakwera kupitirira mamilimita 6 kapena 7 pachaka, nkhalangozi sizitha kuyenda nayo limodzi. Mu 2024 bungwe la padziko lonse loona za kusamalira chilengedwe la IUCN linalengeza kuti theka la madera a mangrove padziko lili pachiopsezo chotheratu. Njira imene mtengo uli nayo ndi kusunthira kumtunda, mbewu ndi mbewu, ngati kumtundako kuli malo. Kukakhala msewu, khoma la hotela kapena munda wa mpunga, nkhalango imapanikizika pakati mpaka kutha. Kusankha kuti malo ati asiyidwe opanda chomanga ndi nkhani yowawa, chifukwa malowo ndi minda ndi manda a anthu. Siingagamulidwe ndi mapu a pa kompyuta okha, komanso siingagamulidwe bwino popanda mapuwo. Akatswiri aonetse pamene madzi adzafike, eni malo anene zimene angasiye ndi chipukutamisozi chimene akufuna, ndipo zokambirana ziyambe madzi asanalowe m'nyumba.

Kwa inu opereka thandizo, sinthani chimene mumawerenga. Bola mukulipira pa mbande yodzalidwa, mudzalandira mbande zodzalidwa. Lipirani chaka choyamba chonse kuti chikhale choyeza madzi, mchere ndi nthaka, ndi chokambirana za umwini wa malo, ngakhale pasadzalidwe kanthu. Sungani gawo la ndalama loyenderanso malowo pakatha zaka zitatu ndi zisanu, ndipo zotsatira zake, zabwino ndi zoipa zomwe, zizikhala poyera. Wogwira ntchito amene wabwera kudzakuuzani kuti pamalo apa tisadzale chifukwa mitengo ibwera yokha tikagumula khoma ili, muzimuyamikira m'malo momuona ngati walephera kugwiritsa ntchito bajeti. Kudzala kuli ndi malo ake, monga pamene mitengo yobereka mbewu inatha kutali konse kapena pamene mtundu wina wasowa, koma kuzibwera pambuyo pa kuyeza.

Chomaliza chili m'manja mwa nduna zokha. M'maiko ambiri muli maiwe a nsomba ndi ma prawn amene anasiyidwa matenda atagwa kapena nthaka itasasa, koma mapepala ake akadali m'dzina la munthu amene sapondako. Amenewa ndiwo malo abwino kwambiri obwezeretsa nkhalango, chifukwa ndi pamene inali kale, ndipo nthawi zambiri chofunika ndi kugumula makoma pamalo oyenera ndi kutsegula njira zakale za madzi zimene agogo aja akuzikumbukira. Ku Philippines lamulo la usodzi la mu 1998 limanena kale kuti maiwe obwerekedwa ku boma amene asiyidwa abwezedwe kukhala nkhalango ya mangrove, koma kukwaniritsa kwake kwayenda pang'onopang'ono kwambiri. Mudzi sungafafanize chikalata cha lendi, wofufuza nayenso sangathe. Pakufunika siginecha ya woyang'anira malo, ya woyang'anira usodzi ndi ya woyang'anira nkhalango patsamba limodzi. Ndikukupemphani kuti muyambe ndi kutulutsa mndandanda wa maiwe onse amene sanawetedwemo kanthu kwa zaka zisanu, ndi kuupereka kwa midzi yoyandikana nawo pamodzi ndi akatswiri oyeza madzi, kuti asankhire limodzi oyamba kugumulidwa.

Ndatha ine wanu,
Mmodzi mwa okhudzidwa ndi magombe ndi anthu ake